Mtsutso: Kodi Myuda Woikira Kumbuyo Apalestina Wapandukira Mtundu Wake?

Chiyambireni nkhondo ya ku Gaza mu Okutobala 2023, nkhani ya Israel ndi Apalestina sichoka pakamwa pa anthu m'makwalala a mu Lilongwe, makamaka chifukwa ana athu ena akugwira ntchito m'minda ya kumeneko. Chodabwitsa ambiri n'chakuti pali Ayuda amene amatsutsa poyera Zionism, ganizo la ndale lomwe linabala dziko la Israel. Mkulu wa mpingo wa ku Kawale akuti amenewo ndi opanduka. Mphunzitsi wa mbiri wa ku Area 25 akuti ayi.

MKULU WA MPINGO: Aphunzitsi, chibale ndi fupa, sichiwola. Ayuda anakhala zaka mazanamazana opanda dziko lawolawo, akupirikitsidwa uku ndi uku, mpaka Hitler anapha anthu awo 6 miliyoni. Theodor Herzl atasonkhanitsa anzake ku Basel mu 1897, cholinga chinali chakuti Myuda akhale ndi kwawo kothawira, ndipo mu 1948 dzikolo linapezeka. Pa 7 Okutobala 2023 a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 n'kugwira ena pafupifupi 250. Ndiye maliro ali m'nyumba, Myuda anyamule chikwangwani ku New York kumadzudzula dziko la abale ake? Kwathu kuno munthu wotere timati wagulitsa mtundu.

MPHUNZITSI: Akulu a mpingo, zomwe anachita a Hamas ndi kupha anthu osalakwa, ndipo sindingazivekere nsalu. Ngakhale anyamata awiri a ku Tanzania amene ankaphunzira zaulimi anafera momwemo. Koma musaganize kuti Ayuda otsutsa Zionism anabadwa dzulo pa Facebook. Chaka chomwecho cha 1897 ku Vilnius kunabadwa gulu la Ayuda apantchito lotchedwa Bund, lomwe linkati Myuda amenyere ufulu wake komwe akukhalako. Mu 1917 boma la Britain likukonzekera kulonjeza Ayuda malo ku Palestine m'kalata ya Balfour, nduna yomwe inakana kwamtuwagalu inali Edwin Montagu, Myuda yekhayo mu nduna za boma limenelo. Ku Jerusalem komweko kuli Ayuda opemphera kwambiri a Neturei Karta, amene chiyambire 1938 amati kukhazikitsa dziko la Ayuda Mesiya asanabwere n'kudumpha Mulungu. Kodi onsewa tiwafufute m'kaundula wa Ayuda?

MKULU WA MPINGO: Za mbiri ndinu eni ake, koma ine ndimayendera Malemba. Pa Genesis 12 Mulungu analonjeza Abrahamu dziko, ndipo analumikiza dalitso lathu ndi mmene tichitira ndi mbumba yake. Wokana lonjezo limenelo akulimbana ndi Mwini wake.

MPHUNZITSI: Malemba omwewo ali ndi nkhani ya munda wa Naboti. Ahabu anali mfumu ya Israel, koma atalanda munda wa munthu wamba, Eliya anamupeza m'mundamo n'kumudzudzula maso ndi maso. Natani anachita chimodzimodzi kwa Davide. Inu mumalalikira za aneneri amenewa ngati atumiki okhulupirika, simunawatchulepo opanduka. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tsono taonani minda ya lero. Mu 1948 Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa, midzi yoposa 400 inasanduka mabwinja, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'misasa ya othawa kwawo. Kuyambira 1967 asilikali a Israel akulamulira West Bank, komwe Aisraeli pafupifupi theka la miliyoni amanga nyumba pa malo olandidwa pankhondo. Mu Julayi 2024 bwalo lalikulu la milandu la ku The Hague linanena kuti ulamuliro umenewu ndi wosemphana ndi malamulo. Ku Gaza, pofika Ogasiti 2024, unduna wa zaumoyo wa kumeneko unali utawerenga anthu ophedwa oposa 40,000. Ndipo musaiwale kuti ena mwa Apalestinawo ndi Akhristu anzanu. Mu 2023 mipingo ya ku Bethlehem inaimitsa zisangalalo za Khirisimasi chifukwa cha maliro a ku Gaza.

MKULU WA MPINGO: Imfa ya mwana aliyense imandipweteka, Mayi. Koma Ayuda mukuwatamawa ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo amayankhula ali phee ku America, kutali ndi mizinga. Ayuda ochuluka pa dziko lapansi amalikonda dziko la Israel. Nanga aja mazana a zikwi amene anachoka ku Iraq, ku Yemen ndi ku Morocco itatha 1948, ambiri akuthawa nkhanza, mukuti abwerere kuti?

MPHUNZITSI: Kuti ndi ochepa ndavomera, ndipo za Ayuda a ku Iraq ndi ku Yemen ndi zoona. Palibe woganiza bwino amene akuti anthu mamiliyoni obadwira ku Israel asamuke. Koma si onse otsutsa amene ali kutali. Inde, Jewish Voice for Peace ili ku America, ndipo ndi iwo amene anadzaza siteshoni ya Grand Central ku New York mu Okutobala 2023 kupempha kuti nkhondo iime. Koma B'Tselem ndi bungwe la Aisraeli eni ake, ndipo mu Januwale 2021 linalengeza kuti ulamuliro wa dziko lawo pa Apalestina ndi watsankho ngati uja wa ku South Africa. Breaking the Silence inayambitsidwa mu 2004 ndi asilikali amene anagwirapo ntchito ku Hebron, n'kuyamba kuulula zomwe anaona ndi zomwe anachita. Anthu amenewa sagwirizana pa zonse. Ena amakana Zionism yonse, ena amangokana kulanda malo. Chowalumikiza n'chimodzi: Myuda ndi Mpalestina akhale ndi ufulu wofanana.

MKULU WA MPINGO: Chabwino, tibwere pakhomo. Israel ndi bwenzi lathu kuyambira 1964. Mu 1973 maiko ambiri a mu Africa atadula ubale, Kamuzu sanadule. Mu Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, Israel inatithandiza ndi madola 60 miliyoni, ndipo achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda. Mu Epulo 2024 tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Pitani ku Mgona kapena ku Chinsapo mukaone anyamata a masatifiketi akungokhala pa bawo. Kholo lomwe mwana wake akutumiza ndalama ya lendi, inu mukaliuze kuti litsutse Israel? Tidye zake, kenako timunene?

MPHUNZITSI: Mwana wopita kukasaka ndalama sindimuweruza, umphawi ndi umene wamutuma. Koma ife a mu Lilongwe funso limeneli tinakumana nalo kale. Likulu lino linamangidwa ndi ngongole ya boma la tsankho la South Africa. Kamuzu anatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967, mtsogoleri wa boma limenelo John Vorster anabwera kuno mu 1970, ndipo mu 1975 likulu linasamukira kuno kuchoka ku Zomba. Nyumba za ku Capital Hill zilipo ndithu, koma kodi zinayeretsa tsankho? Pamene ife tinkalandira ndalamazo, Denis Goldberg, Myuda amene anaweruzidwa limodzi ndi Mandela mu 1964, anali m'ndende, momwe anakhalamo zaka 22. Ruth First, Myuda mnzake, anaphedwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982. Azungu anzawo ankawatcha opanduka, lero ndi ngwazi. Goldberg yemweyo anadzudzula Israel poyera pa nkhani ya Apalestina, ndipo Ronnie Kasrils, ali nduna m'boma la Mbeki, anatsogolera Ayuda ena a ku South Africa mu 2001 kukana kuti zimenezi zichitike m'dzina lawo. Tingawaombere m'manja pomenyera munthu wakuda, n'kuwatcha ogulitsa mtundu pomenyera Mpalestina? Pa 18 Sepitembala 2024 maiko 124 ku United Nations anavota kuti Israel ichoke m'madera olandidwa. Okana anali 14, ndipo Malawi anali pomwepo.

MKULU WA MPINGO: Za Capital Hill mwandigwira pakhosi. Mawu akuti wopanduka ndawabweza, ngakhale ndikhalabe wopempherera Israel ndi wokhulupirira kuti Ayuda ayenera kukhala ndi dziko lotetezeka. Koma mantha anga ndi awa: alipo anthu odana ndi Myuda aliyense, amene amabisala kumbuyo kwa Ayuda otsutsawa kuti chidani chawo chioneke choyera.

MPHUNZITSI: Alipodi, ndipo amenewo tiwakane limodzi. Kuda munthu chifukwa ndi Myuda ndi tchimo lofanana ndi kuda munthu chifukwa ndi Mwarabu kapena wakuda. Pemphererani Israel, Bambo, koma m'pemphero lomwelo mutchulemo ana a ku Gaza.

Awiriwa sanagwirizane pa Zionism, koma funso la mtsutsowu layankhidwa: Myuda wodzudzula nkhanza zochitidwa m'dzina lake sanapandukire mtundu wake. Tikupempha mipingo ndi mizikiti ya ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 kuti iphunzitse anthu kusiyanitsa Myuda, chipembedzo chake ndi boma la Israel. Tikupemphanso aphungu athu kuti azifunsa boma chifukwa chomwe limavotera mmene limavotera ku United Nations, pakuti voti imeneyo imaponyedwa m'dzina la Amalawi tonse.