Kodi n'chilungamo kuti boma lithandize kukonza nyumba za lendi?

Ku Britain makhonsolo ali ndi mphamvu zopereka ndalama kwa eni nyumba zochititsa lendi kuti akonzere nyumbazo. Mchitidwewu unakhazikika ndi lamulo la nyumba la mu 1949, ndipo mu 1959 boma linawonjezera thandizo loikira bafa, chimbudzi cha madzi ndi mipope ya madzi otentha m'nyumba zakale. Kuyambira mu 2002, khonsolo iliyonse ku England ndi ku Wales imasankha yokha kuti ndalamazo zikhale zongopereka kapena ngongole. Apa pali funso lokhudza chilungamo: kodi n'koyenera kuti msonkho, womwe nawonso opanda nyumba amakhoma, ukonzere chuma cha munthu amene amalandira lendi mwezi ndi mwezi?

Otsutsa thandizoli amaima pa mfundo ya udindo. Amene amadyerera nyumba ndiye ayenera kuisamala. Ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act la mu 1985 limakakamiza mwininyumba kukonza denga, makoma, mipope, mawaya a magetsi ndi zotenthetsera m'nyumba. Mfundoyi ndi yakale kwambiri, pakuti m'buku la Deuteronomo, chaputala 22, womanga nyumba analamulidwa kutchinga m'mbali mwa denga, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Otsutsawa amaopanso kuti boma likazolowetsa anthu kuwalipirira, mwininyumba wosasamala adzalekerera denga lodontha podikira khonsolo, pamene mnzake wokhulupirika wawononga kale ndalama za m'thumba mwake.

Ochirikiza thandizoli amayang'ana kwa wokhala m'nyumbamo. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa nkhani ya lendi wovutikayo alibe mphamvu pa nyumba. Iye ndiye amagona m'chinyezi ndi kuzizidwa, pomwe chilolezo chokonza chili ndi wina, ndipo akadandaula amaopa kutulutsidwa. Mu December 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa chopuma nkhungu ya m'makoma. Nyumbayo inali ya bungwe, osati ya munthu payekha, koma imfayo inasonyeza kuti chinyezi chimapha. Moyo wa mwana sungadikire kuti mlandu wa mwininyumba uthe kukhoti.

Katswiri wa zachipembedzo Thomas Aquinas anaphunzitsa kuti munthu akhoza kukhala ndi chuma chakechake, koma kagwiritsidwe ntchito kake kaziganizira osowa. Chiphunzitsochi chimadzudzula mbali zonse ziwiri. Mwininyumba sangati nyumba ndi yake ndiye aichite zimene afuna, poti muli anthu. Boma nalonso silingasambe m'manja ponena kuti nyumbayo si yake.

Njira yolungama imayamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zimene lamulo limafuna kale kwa mwininyumba, ndipo zimenezi ayenera kulipira yekha. Akakana, khonsolo ili ndi mphamvu zomulipiritsa chindapusa, kapena kukonza yokha n'kumutumizira bilu. Pali zinanso zimene dziko limafuna zopitirira pamenepo, monga kuchepetsa mphamvu zotenthetsera nyumba kapena kutsegulanso nyumba zimene zakhala zopanda anthu kwa zaka. Kuyambira mu April 2020, nyumba za lendi za anthu paokha ku England ndi ku Wales ziyenera kufika pa mlingo wa E pa kusunga kutentha, koma mwiniwake sakakamizidwa kuwononga zoposa mapaundi 3,500. Pamene udindo wake wathera, m'pamene thandizo la boma lingayambire.

Njirayi imafunanso kumanga thandizolo ndi pangano. Makhonsolo ena amafuna kuti wolandira ndalama asunge lendi yotsika kwa zaka zingapo, alandire mabanja amene khonsolo yamutumizira, ndipo abweze ndalamazo akagulitsa nyumba nthawi isanakwane. Popanda pangano lotere, nyumba ikakongola lendi imakwera, wosauka uja n'kusamuka, ndipo msonkho wake umakhala walemeretsa womutulutsa.

Choncho thandizo la boma ndi lolungama ngati phindu lake likufika kwa wochita lendi. Likathera m'thumba la mwininyumba, osauka ndiwo alipirira olemera, ndipo khonsolo siyenera kulipereka.