Kodi Munthu Apalamula pa Choipa Chosaoneka?

Abale anga, munthu akatentha nkhokwe ya mnzake, mudzi wonse uona utsi, ndipo mlandu uzengedwa pabwalo. Koma nanga choipa chimene maso sachiona, ndipo wopwetekedwa nacho akhala kutali, kapena sanabadwe, kodi ndi mlandu? Tiyeni tilingalire za madambo a kumapiri.

Pamwamba pa Nyika, kumpoto kwa dziko lathu, pali madambo ozizira, ndipo dothi lake nlakuda, lofewa, lonjenjemera munthu akapondapo. Angerezi alitcha peat. Dothi limeneli ndilo udzu wa makedzana. Pakukula udzu umwa mpweya wa kaboni. Pakufa ugwera m'madzi, m'mene suvunda msanga, nusanjikizana pang'ono pang'ono, monga milimita 1 pa chaka. Chotero dothi lakuya msinkhu wa munthu linayamba kusanjikana zaka zoposa 1,000 zapitazo. Anzeru atiuza kuti malo otere ali magawo 3 okha mwa 100 a mtunda wonse, koma asunga kaboni woposa wa m'nkhalango zonse za pa dziko lapansi.

Tsono munthu akakumba ngalande naumitsa dambo lotere, mphepo ilowa, dothi livunda, kapena lipsa ndi moto wa lupsa, ndipo mpweya uja ubwerera kumwamba. Kumeneko ufunditsa dziko monga bulangete, kutentha kuchuluka, mvula nisokonezeka. Ku Indonesia m'chaka cha 2015 dothi lotere linanyeka pansi masabata ambiri, utsi wake nudwalitsa anthu a m'maiko oyandikana. Dziko likatentha, anamondwe adza ndi mvula yoopsa. Ndipo ife sitinaiwale maliro a Freddy m'chaka cha 2023.

Wina adzati, Ife a ku Nkope ndife asodzi, Nyika ili kutali. Koma taonani, mtsinje wa North Rukuru utuluka pa Nyika nuthira m'nyanja ku Karonga, ndiyo nyanja yomweyi tiponyamo chilimira. Dambo lisunga madzi a dzinja, niliwatulutsa pang'ono pang'ono m'chilimwe. Nafenso tili nawo madambo kunsi kwa Phirilongwe. Ngakhale si onse ali ndi dothi lija, dzanja louma nalo dambo ndi limodzi.

Winanso adzati, Utsi wathu ngwochepa; oononga ndiwo maiko olemera ndi makina awo. Nzoona, ndipo mlandu waukulu ngwawo, ayenera kulipa. Koma mnyamata wakuba chambo chimodzi samasuka chifukwa mnzake anaba bwato lonse.

Chovuta koposa ndi njala. Mai wamasiye wolima dimba kuti ana adye, ndani adzamtsutsa? Ine sinditero. Koma pali kusiyana pakati pa kulima m'mphepete ndi kung'amba mtima wa dambo, pakati pa khasu la wanjala ndi moto wa wosaka mbewa. Mafumu ndi akulu aike malire, ndipo mudzi uthandize wosauka, kuti njala isamkankhire pakati pa dambo.

Chifukwa chake nditi, wochita mosadziwa sitimzenga. Koma amene wamva salinso wosadziwa. Dambo silili lathu lokha: tinalilandira kwa makolo, ndipo adzukulu adzatifunsa za ilo. Chimene chinasanjikana zaka 1,000 chitha kupsa m'chilimwe chimodzi, ndipo akulu anati, madzi akatayika saoleka.