Ukaipa Dziwa Nyimbo

Usiku wina magetsi atazima ndinaonera pa foni filimu yakalekale imene mnzanga wina anandiikira. Pondipatsa anaseka nati, "Aise, iyi ndi ya anthu ngati iwe, okonda zinthu zosayenda malonda." Dzina lake ndi Carnival of Souls, ya m'chaka cha 1962, yakuda ndi yoyera basi. Ndinaiyamba ndi mtima wofuna kuiseka, ndipo mphindi khumi zoyambirira ndinaisekadi. Koma itatha ndinapezeka ndili duu pabedi, ndikuzengereza kutuluka panja kukataya madzi, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Nkhani yake ndi yaifupi. Atsikana atatu ali m'galimoto akupikisana liwiro ndi anyamata, galimoto yawo n'kugwera mumtsinje kuchokera pa mlatho. Anthu afufuza m'madzimo osapeza kanthu, kenaka mmodzi wa atsikanawo, Mary Henry, atulukira yekha ali matope okhaokha, osakumbukira m'mene wapulumukira. Iyeyu ndi woimba limba, ndipo apita kukayamba ntchito pa tchalitchi china ku Salt Lake City, ngakhale kuti za Mulungu alibe nazo chidwi. Kwa iye kuimba m'tchalitchi ndi ganyu ngati ganyu aliyense. Panjira ayamba kuona nkhope ya bambo wina wotuwa ngati wadzola ufa, maso akuda bii. Bamboyo salankhula, sathamangitsa munthu, alibe mpeni. Amangoyang'ana. Ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere muli chinyumba chachikulu chovinira chimene anthu anachisiya kalekale, chimene chimamukoka Mary ngati kuti anaiwalako kanthu.

Zolakwika za filimuyi ngakhale mwana akhoza kuziloza. Pena phokoso la nsapato siligwirizana ndi mapazi amene akuyenda. Ena mwa osewera amalankhula ngati akuwerenga zolengeza za m'tchalitchi. Pali dokotala amene amafotokoza zinthu zosafunika kufotokoza, ndiponso mnyamata wa chipinda choyandikana amene amavutitsa Mary ndi chibwenzi kwa nthawi yaitali mpaka woonera kutopa naye. Nanga bwanji inandiopsa, pamene mafilimu a madola mamiliyoni, odzaza magazi ndi zilombo za pakompyuta, ndimawaonera ndikudya chimanga chokazinga?

Yankho lomwe ife okonda mafilimu otere timathamangira kupereka ndi lakuti umphawi ndiwo unaipatsa mphamvu. Ndipo yankholi lili ndi mutu. Amene anaikonza, Herk Harvey, sanali munthu wa ku Hollywood. Ankagwira ntchito pa kampani ya Centron m'tauni ya Lawrence ku Kansas, kujambula mafilimu ophunzitsa ana asukulu ndi anthu apantchito. Tsiku lina akuchokera ku California pa galimoto anaona chinyumba chija, chotchedwa Saltair, chili chokhachokha m'mbali mwa Great Salt Lake, ndipo chinamukhala m'mutu. Anapempha mnzake wapantchito, John Clifford, kuti alembe nkhani imene ikathere pamalopo. Ndalama zonse zinali pafupifupi madola 33,000, ndipo anajambula kwa milungu itatu. Za kulemba gulu la oimba panalibe, choncho nyimbo zonse ndi limba lokha, loimbidwa ndi Gene Moore, ndipo limbalo ndi limene limakuzizira m'mafupa. Za kupanga chilombo panalibenso, choncho Harvey anadzipaka yekha zoyera kumaso n'kukhala mzukwa uja. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Filimuyi inaipa nkhope, koma nyimbo inaidziwa.

Nzeru imeneyi sanaiyambe ndi Harvey. M'chaka cha 1942 kampani ya RKO inaika Val Lewton kuti azikonza mafilimu oopsa otsika mtengo. Mabwana ankamupatsa dzina la filimu lokha, n'kumuuza kuti isapyole madola 150,000 ndiponso isatalike kupitirira mphindi 75. Dzina loyamba linali Cat People. Iye ndi wojambulitsa wake, Jacques Tourneur, anaona kuti munthu wovala chikopa cha mphaka angoseketsa anthu, ndiye anaganiza zobisa chilombocho mumdima. Pali malo ena pamene mayi akuyenda yekha usiku m'mbali mwa Central Park, akumva mapazi a munthu pambuyo pake. Mapazi aja angoti zii. Mayiyo afulumira, acheuka, palibe munthu. Mwadzidzidzi pamveka kufwenthera ngati kwa nyalugwe, koma ndi mabuleki a basi imene yaima pambali pake. Mpaka lero akatswiri a mafilimu amatcha chinyengo chotere kuti basi ya Lewton.

Ife amene tinakula tikumvera nthano izi sizitidabwitsa. Agogo anga aakazi analibe kamera, analibe ngakhale nyali yabwino. Anali ndi moto wozilala, mawu otsitsa, ndi luso lokhala chete pamalo oyenera. Chilombo sankachifotokoza kuti chinali ndi mano angati. Ankangoti, "Kenaka kunja kunamveka kuti tswa," n'kusiya pomwepo, aliyense wa ife n'kumaliza yekha m'mutu mwake, ndipo chimene mwana amamaliza yekha chimakhala choopsa kuposa chimene agogo akanatha kunena. Mafilimu aumphawi akachita bwino amachita zomwezo: amakulemba ganyu iwe woonera kuti umange chilombo ndi zipangizo zako. N'chifukwa chake amafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamanga magazi amangoti filimu yanji yopanda zochitika, n'kuzimitsa.

Mpaka apa ndikanatha kutseka nkhani ndi kunena kuti umphawi ndi mayi wa luso, tonse n'kuwomba m'manja. Koma mawu amenewa ndayamba kuwakayikira, ndipo chimene chandiyambitsa ndi filimu ina ya m'chaka cha 1966, Manos: The Hands of Fate. Anaikonza ndi Harold P. Warren wa ku El Paso ku Texas, munthu wogulitsa inshuwalansi ndi feteleza, ndi ndalama pafupifupi madola 19,000. Kamera yake inkajambula masekondi 32 okha nthawi imodzi ndipo sinkatola mawu. Nayonso ili ndi mdima, ili ndi nyumba yapayokha m'chipululu, ili ndi nthawi zazitali zopanda zochitika. Koma mdima wake ndi mdima chabe, wa kusowa magetsi, mulibe kanthu m'katimo. Anthu anaitulukira mu 1993 pamene pulogalamu ina ya pa wailesi ya kanema ku America inaionetsa kuti aiseke, ndipo kutchuka kwake mpaka lero n'kwakuti ndi imodzi mwa mafilimu oipitsitsa. Umphawi unali womwewo, koma nyimbo panalibe. Tsono chimene chinakometsa filimu ya Harvey si kusowa ndalama ayi. Ndi maso a munthu amene anali atajambula kale mafilimu ambirimbiri a kusukulu, wodziwa poika kamera. Pa Carnival of Souls imodzi pali mafilimu ena osawerengeka amene umphawi unangowapha, ndipo palibe amawalembera m'nyuzipepala.

Palinso china chimene chimandisowetsa mtendere kuposa apa. Amene amatamanda umphawi wa mafilimuwa ndife oonera, amene sitinaulawe. Funsani amene anaukhala. Kampani imene inatenga filimu ya Harvey kuti iigulitse, Herts-Lion, inaidula, n'kuionetsa mophatikiza ndi filimu ina, kenaka kampaniyo inagwa, ndipo Harvey sanapindule kanthu koti n'kuloza. Anabwerera ku mafilimu ake a kusukulu ndipo sanamalizenso filimu ina yaitali moyo wake wonse. George Romero anakonza Night of the Living Dead mu 1968 kufupi ndi Pittsburgh ndi madola pafupifupi 114,000, magazi ake ali chokoleti chamadzi. Posintha dzina la filimuyo, kampani yoigulitsa inaiwala kuikapo chizindikiro cha umwini, ndipo malinga ndi malamulo a ku America a nthawi imeneyo filimuyo inasanduka ya aliyense. Anthu osawerengeka akhala akuigulitsa osapereka kalikonse kwa eni ake. Mu Manos muja osewera analonjezedwa gawo la phindu, phindu limene silinabwere. Amati amene analandirako kanthu ndi kamtsikana kamene kanapatsidwa njinga, ndi galu amene anapatsidwa thumba la chakudya.

Ngakhale pamene ndalama zabwera, sizitsata njira yopita kwa amene anavutika. The Blair Witch Project inajambulidwa kwa masiku asanu ndi atatu m'nkhalango za ku Maryland mu 1997, osewera atatu akugona m'tenti ndi kugwira okha makamera. Itatuluka mu 1999 inapeza madola oposa 240 miliyoni. Mu 2024, patapita zaka 25, atatuwo anali akulembabe kalata poyera kupempha kampani ya Lionsgate, imene inadzakhala mwini wa filimuyo, kuti iwapatse malipiro oyenera.

Mwina izi zimandikhudza chifukwa nanenso ndimadya za cholembera. Ndaitanidwapo kukalakatula pa mwambo wina, anthu n'kuimirira kuwomba m'manja, pomaliza n'kundipatsa botolo la zoziziritsa kukhosi ndi mawu akuti, "Achimwene, apa ndiye mwatchuka." Bambo wina wonenepa bwino anandigwira paphewa nati ndakatulo zanga zimakoma chifukwa ndimadziwa mavuto, ndipo ndisadzalemere chifukwa luso lidzathawa. Iye anakwera galimoto yake, ine ndinayenda wapansi. Tsono pamene ndikunena kuti filimu ya Harvey inakoma chifukwa analibe ndalama, kodi sindikulankhula ndi pakamwa pa bambo uja? Kodi Harvey akanapatsidwa madola 300,000 akanakana, nati ayi, ndisiyeni ndi umphawi wanga? Sindikhulupirira. Mwina akanakonza phokoso la nsapato lija, n'kulemba osewera odziwa ntchito, limba ndi mdima n'kuzisiya m'mene zilili, pakuti zimenezo anazisankha ndi mutu wake.

Ndiyeneranso kuvomera kuti m'chikondi chathu cha mafilimu osadziwika muli kamatama. Kumakoma kutchula dzina limene anzako sanalimvepo, iwo n'kumakuyang'ana ngati munthu wozama. Ndadzigwirapo ndikukhumudwa nditamva kuti filimu imene ndinkaiyesa chinsinsi changa ikudziwika ndi aliyense, ngati kuti wina wandilanda mkazi. Chikondi chanji chofuna kuti wokondedwa akhale wosadziwika ndi wosauka mpaka kale kuti ine ndizioneka wanzeru? Ndipo pena chimene timachitcha chikondi ndi chifundo chabe. Timakhululukira zolakwika zimene sitikanazikhululukira kwa wolemera, monga m'mene timayamikirira chojambula cha mwana. Wolemba aliyense amadziwa kuwawa kwa mawu akuti "mwayesetsa". Ine ndikanakonda wina andiuze kuti ndime yachitatu ndi yofooka kusiyana ndi kundisisita pamutu. Ndiye mwina ulemu umene Harvey akuyenera ndi kunena mosabisa kuti dokotala uja ndi wotopetsa, ndipo pamene Mary akuimba limba yekha m'tchalitchi, zala zake zikuyamba kuimba nyimbo imene iye sakuidziwa mpaka abusa kumuchotsa ntchito, pamenepo Harvey sakufuna chifundo cha munthu aliyense.

Komabe pali malo amodzi m'filimuyi pamene ndimalephera kulekanitsa luso ndi umphawi, ngakhale ndiyese bwanji. Mary ali m'sitolo yaikulu, wayesa diresi, ndipo potuluka m'kachipinda koyeseramo apeza kuti dziko lonse lati zii. Alankhula ndi wogulitsa, wogulitsayo osamuona. Atuluka mumsewu, anthu akumudutsa, makina akukumba msewu, koma palibe phokoso, kupatula la nsapato zake. Kujambula zimenezi sikunafune ndalama, anangochotsa mawu. Munthu wa mamiliyoni mwina sakanaganiza kuti chinthu choopsa kwambiri ndi chimenechi, chifukwa iye akalowa m'sitolo amamuthamangira. Koma aliyense amene anaimapo pa kauntala ya ofesi ndi envulopu ya khaki m'manja, akuti "zikomo, zikomo" kwa munthu amene akupitiriza kulemba osadzutsa mutu, malo amenewa amawadziwa. Sindinaope mzukwa wa ufa kumaso usiku uja. Ndinaopa sitoloyo. Pomaliza pa filimu galimoto ija aivuula mumtsinje, ndipo Mary ali momwemo pamodzi ndi anzake awiri; anali atafa kuyambira pachiyambi, kungoti sanauzidwe.

Filimu yeniyeniyo inakhala ngati Mary kwa zaka 27, ikuonetsedwa pakati pa usiku pa wailesi za kanema pamene anthu ambiri agona. Mu 1989 inatulutsidwanso m'nyumba zoonetsera mafilimu, olemba nkhani n'kuyamba kuitamanda, ndipo Harvey, atakalamba, anadzipakanso zoyera kumaso pa mwambo wokumbukira filimuyo ku Lawrence. Anamwalira mu 1996. Chinyumba cha Saltair chimene anachijambula chinapsa ndi moto mu 1970, kotero kuti amene akufuna kuchiona m'kati m'mene chinalili nthawi zambiri amapita ku filimu yomweyi.

Mnzanga uja nditamufunsa kuti filimuyi anaigula kuti, anandiyang'ana ngati ndapenga. Anaitenga pa intaneti ulere, ine anandiikira ulere, ndipo sabata yatha ndaikiranso mlamu wanga ulere. Mlamuyo wandiimbira dzulo kuti anagona isanafike pakati, ndipo akufunsa ngati ndili ndi ina ya zigogodo.