Kodi Bungwe Lidziwa Zimene Anthu Ache Adziwa?

Funso limene tifuna kuliika pamaso pa owerenga athu mwezi uno ndi ili: kodi nzeru ya gulu la anthu ikhala kuti? Tikamanena kuti kampani, kapena sukulu, kapena chipatala chidziwa chakutichakuti, titanthauza chiyani? Pakuti bungwe lilibe mutu wachewache. Mitu yonse ili m'menemo nja anthu. Munthu mmodzi akaona choopsa nakhala chete, bungwe lonse liyenda ngati wakhungu, lingakhale diso limodzi linapenya. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ananena zoona. Komatu mitu khumi yosalankhulana nayonso siingalisenze.

Timve chimene chinachitika ku America. Pa 1 Disembala 1974 ndege ya kampani ya Trans World Airlines inali kupita ku Washington ndi anthu 92. Chifukwa cha mphepo yaikulu inauzidwa kuti ikatere pa bwalo lina, la Dulles. Poyandikira, munthu wa pansi wotsogolera ndege pa wailesi anauza oyendetsa kuti aloledwa kuyamba ulendo wotsikira ku bwalo. Oyendetsawo anayesa kuti awalola kutsika pomwepo kufikira mapazi 1,800. Koma wa pansiyo anayesa kuti iwo adzasunga malire olembedwa pa mapu ao kufikira atapitirira mapiri. Mau anali amodzi, koma awiriwo anawamva mosiyana. Ndegeyo inagunda phiri la Mount Weather, m'chigawo cha Virginia, kuli mitambo, ndipo sanapulumuke ndi mmodzi yemwe.

Ofufuza za ngoziyo anapeza chinthu chowawitsa mtima koposa. Masabata 6 izi zisanachitike, oyendetsa ndege ya kampani ina, ya United Airlines, anasokonezeka momwemo pa njira yomweyo, napulumuka pang'onong'ono. Atatera anafotokozera akulu a kampani yao, pakuti kumeneko kunali mwambo wakuti munthu aulule zotere osatchulidwa dzina. Ndipo oyendetsa onse a United anachenjezedwa. Koma chenjezolo linathera m'kati mwa mpanda wa kampaniyo. Tsono taonani: nzeru imene ikadasunga miyoyo 92 inalipo kale, yolembedwa pa pepala, koma inalibe njira yakufikira kwa iwo amene anaisowa.

Wina adzafunsa kuti, Nanga analekeranji kungolamula oyendetsa onse kuti aziuza boma zolakwa zao? Chovuta chache ndi ichi: bungwe la boma loyang'anira za ndege, la FAA, ndilo lipereka chilolezo cha kuyendetsa, ndiponso ndilo lichilanda. Ndani adzapita yekha kwa mwini mkwapulo kukanena kuti, Dzulo ndinalakwa? Munthu ali ndi ana ofuna chakudya, ali ndi dzina lofuna kulisunga. Mantha ndi manyazi ndiwo alonda awiri amene atsekereza nzeru m'mitima ya anthu, ndipo lamulo lokha silingathe kuwachotsa pakhomo.

Chifukwa chache, mu 1976, a FAA anapereka nchito yolandira malipoti otere kwa bungwe lina, la NASA, limene lilibe mphamvu ya kulanga woyendetsa ndege ali yense. Woyendetsa, wotsogolera wa pansi, wokonza makina, kapena wotumikira anthu m'ndege alemba chimene chinachitika natumiza. Amene awerenga ndiwo anthu okhwima pa nchito zomwezo. Iwo afafaniza dzina ndi zonse zimene zingazindikiritse wolembayo, nasunga phunziro lokha. Akaona choopsa chofulumira atumiza chenjezo kwa amene angathe kuchikonza. Ndipo kuyambira 1979 afalitsa kalata ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Callback, kuti onse aphunzire pa zimene zinagwera anzao. Malipoti amene alandira apitirira miliyoni imodzi. A ku Britain nawonso anayamba dongosolo lofanana nalo mu 1982.

Pano ndipo pali funso lenileni la makhalidwe, ndipo sitifuna kulizemba. Kodi nkoyenera kuti wolakwa asalangidwe, popeza wadziulula? Kodi chifundo chotere sichidzabala ulesi ndi kusasamala? Amene afunsa chomwechi sali opusa ai, pakuti nzoona kuti mudzi wopanda chilango ufulumira kupasuka. Koma tiyang'ane malire amene anaikidwa. Wolemba amasulidwa ku chilango pokhapokha ngati kulakwa kwache sikunali kwadala, sikunali mlandu wa upandu, sikunafike pa ngozi, iye sanapezekepo wolakwa m'zaka 5 zapitazo, ndipo analemba asanathe masiku 10. Chotero woledzera ndi wonyoza malamulo alibe pobisala. Amene atetezedwa ndiye munthu wosamala amene anaphunthwa. Ndipo mwala umene unamphunthwitsa uli chikhalire pa njira, kulindira wina wobwera m'mbuyo.

Ife tiganiza kuti apa chilungamo ndi chifundo sizitsutsana. Chilango chifunsa kuti, Walakwa ndani? Nzeru ifunsa kuti, Chinamsokeretsa nchiyani? Mafunso onse awiri ali ndi malo ache. Koma bungwe limene lidziwa funso loyamba lokha lidzalanga mmodzi, ndi kuphunzitsa ena onse kubisa. Pamenepo akulu adzakondwa kuti kulibe zolakwa, osadziwa kuti zolakwazo zangoleka kumveka. Ndipo kwa wolakwayo tinena kuti, chimene mwachiona pa kuphunthwa kwanu si chuma chanu chokha. Ndicho ngongole imene muli nayo kwa mnzanu amene adzadzera njira yomweyo mawa.

Ambiri a ife sitidzayendetsa ndege, koma tonse tili m'mabungwe. Namwino amene anatsala pang'ono kupereka mankhwala olakwika chifukwa mabotolo awiri afanana, kodi ali ndi munthu womuuza wopanda kuopa kuchotsedwa nchito? Msungichuma wa kagulu ka pamudzi akasokoneza chiwerengero, kodi atha kunena pa msonkhano osatchedwa mbala? Mphunzitsi wamng'ono akaona kuti njira ina ya kuphunzitsira isokoneza ana, kodi mau ache afika kwa oyang'anira, nafikanso ku sukulu ya kutsidya kwa mtsinje? Pakuti nkhani ya United itiphunzitsa kuti kumva kokha sikukwanira. Chomvekacho chiyenera kudumpha mpanda.

Tsono kwa inu amene mwapatsidwa udindo wa kutsogolera anzanu, pempho lathu ndi ili. Tsiku limene wina wa pansi panu adzabwera ndi nkhope yakugwa, kudzanena chimene mukadapanda kuchidziwa, samalani mau oyamba amene adzatuluka pakamwa panu. Anzache onse ali kumvetsera, ndipo pa mau amenewo adzaweruza ngati mawa adzakuuzani zoona kapena adzakhala chete.