KODI MPINGO NGWA YANI?

Pali funso limene livuta anthu ponseponse pamene asonkhana m'dzina la Mulungu, ngakhale sakonda kulitchula poyera. Mpingo waung'ono ukakhala zaka zambiri wopanda mbusa, anthu wamba naugwiriziza kufikira tsiku limene mtsogoleri watsopano afika, kodi mpingowo ngwa yani? Ngwa iye amene wadza ndi maphunziro ndi ulamuliro, kapena ngwa iwo amene anasonkheza moto m'nyengo ya chisanu? Akristu a ku Chiradzulu, amene nthambi zao zambiri ziona wansembe mwa kamodzikamodzi, alidziwa bwino funsoli. Komatu nthawi zina munthu azindikira za kwao akayang'ana za kwa mnansi, ndipo mnansi woyenera kumuyang'ana pa mlandu umenewu ndiye kagulu ka Ayuda ka mumzinda wa Lusaka, m'dziko la Zambia.

AYUDA A KU ZAMBIA

Ayuda oyamba anafika m'dzikomo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ambiri a iwo ochokera ku Lithuania ndi maiko oyandikana nalo, osauka ndi othawa chizunzo. Ena, monga abale awiri Elie ndi Harry Susman, anayamba ndi malonda a ng'ombe kwa Alozi. Ku Livingstone anakhazikitsa mpingo, ndipo m'chaka cha 1928 anaika mwala wa maziko a sunagoge, ndiyo nyumba yao yopemphereramo. M'zaka za 1938 ndi 1939 anadza enanso othawa nkhanza za Hitler ku Germany. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1950 anakwana ngati chikwi chimodzi, ali ndi masunagoge ku Lusaka, ku Livingstone ndi m'matauni a migodi monga Ndola ndi Kitwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 ambiri anachoka, ana natsata sukulu ndi ntchito ku maiko ena. Masunagoge anatsekedwa limodzilimodzi, ndipo la ku Livingstone linasanduka tchalitchi cha Akristu. Otsala anali ochepa ndithu, koma sanabalalike. Mu 1978 anapanga bungwe la Council for Zambia Jewry kuti liyang'anire katundu wa mpingo ndi manda a makolo ao. Kwa zaka zambiri rabi amene ankawayendera anali Moshe Silberhaft, wochokera ku Johannesburg, amene ankazungulira timipingo ta Ayuda m'maiko ambiri a mu Afrika monga momwe wansembe azungulira nthambi. Tsono m'chaka cha 2022 kunamveka kuti gulu la Chabad latuma rabi wachinyamata, Mendy Hertzel, pamodzi ndi mkazi wake, kuti akakhale ku Lusaka komweko. Patatha zaka makumi ambiri, kagulu kaja kanapeza rabi wokhala pakati pao.

RABI SALI WANSEMBE

Apa pafunika kumvetsa chinthu chimodzi. Rabi sali wansembe. Nsembe za Ayuda zinatha pamene Aroma anapasula Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu m'chaka cha 70, ndipo kuyambira pamenepo chipembedzo chao chakhazikika pa pemphero, pa kuwerenga Malamulo a Mose ndi pa mwambo wa pabanja. Dzina lakuti rabi litanthauza mphunzitsi. Ntchito yake ndiyo kuphunzitsa, kumasulira malamulo ndi kuweruza pamene anthu akayika. Koma mapemphero ena aakulu, pamodzi ndi kuwerenga mpukutu wa Malamulo poyera, sachitika popanda anthu akulu khumi, ndipo kwa Ayuda osunga mwambo wakale khumiwo ayenera kukhala amuna. Chiwerengero chimenechi achitcha minyan. Rabi angakhale wanzeru chotani, ali ndi anzake asanu ndi atatu okha, ayenera kudikira. Koma alimi khumi osaphunzira kwenikweni akhoza kuyamba pemphero popanda rabi. Mwa lamulo limeneli munthu wakhumi, ngakhale afike mochedwa ndi fumbi kumapazi, ali ndi ulemu waukulu, pakuti iye ndiye atsegula pakamwa pa onse.

Nanga ngati zili chomwecho, rabi afunikiranji? Yankho lioneka pa masiku aakulu a chaka. M'mwezi wa Seputembala kapena kuchiyambi kwa Okutobala Ayuda achita chaka chao chatsopano, Rosh Hashanah, pamene aomba lipenga la nyanga ya nkhosa. Tsiku lakhumi lake ndilo Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero lotchulidwa m'buku la Levitiko, pamene asala chakudya ndi madzi maola ngati 25. Patapita masiku asanu ayamba Chikondwerero cha Misasa, pokumbukira ulendo wa makolo ao m'chipululu. Ndipo miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake adya Paska, ndi mkate wopanda chotupitsa. Mapemphero a masiku amenewa ngatalitali, ndipo ali m'Chihebri. Mpukutu wa Malamulo ngolembedwa pamanja pa chikopa, wopanda zizindikiro zothandiza woimba, kotero kuti wouwerenga ayenera kuphunzira kwa wina. Nkhalamba zodziwa zimenezi zikatha, kagulu kakhoza kukhalabe ndi mtima wabwino, koma mau ake ayamba kuguluka ngati udzu wa padenga losafoleredwa. Chikondi chisunga mpingo kuti usafe, koma sichiphunzitsa mwana kuwerenga.

MANGAWA A MBALI ZIWIRI

Kotero mbali zonse ziwiri zili ndi mangawa. Mtsogoleri watsopano salowa m'munda wopanda mwini. Mpando umene akhalapo unasungidwa ndi anthu amene anasesa nyumba, nalambula manda, naika maliro a anzao pamene panalibe wowalipira kapena wowayamika. Kaimbidwe kao mwina nkopotoka, ndipo miyambo ina anaifupikitsa chifukwa cha kuchepa kwao. Koma iye akayamba ndi kudzudzula zonse pa chikondwerero choyamba, adzapambana pa malamulo nadzataya munthu wakhumi uja. Makolo anati safunsa anadya phula. Nzeru ya wobwera ndiyo kufunsa poyamba chifukwa chake chinthu chichitika motero, pakuti kawirikawiri pansi pa mwambo wopotoka pagona nkhani ya misozi.

Osunga mpingo nawonso ali ndi chiyeso chao, ndipo nchobisika koposa. Munthu amene wasunga mfungulo zaka makumi atatu ayamba kuganiza kuti nyumbayo njake. Afuna mtsogoleri, inde, koma wongodalitsa zimene iye wakonza kale. Akaona ana akuthamangira kwa mlendo kukaphunzira zimene iye sanathe kuwaphunzitsa, nsanje imlowa nivala malaya a changu. Aiwala kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiponso kuti chimene anasungira nyumbayo chinali tsiku lomweli. Mlonda amene akana kutsegulira amene anali kuwadikira wasandutsa ulonda wake ufumu.

Chiphunzitso cha arabi akale chithandiza pamenepa. Iwo anaphunzitsa kuti Tsiku la Chitetezero lichotsa zolakwa za munthu kwa Mulungu, koma silichotsa zolakwa zake kwa mnzake kufikira atapita yekha kukampepesa. Ndiye chifukwa chake masiku a patsogolo pa Yom Kippur ndi masiku oyenderana ndi kupepesana. Mumpingo waukulu wa mumzinda munthu akhoza kulewa mdani wake chaka chonse. M'kagulu ka anthu owerengeka sangathe, pakuti mdaniyo akakhala kunyumba pemphero liima. Kuchepa kwao kuwakakamiza kuyanjana, ndipo umphawi wotere uli ndi dalitso lake.

ZA KUNO KU CHIRADZULU

Dziko la Chiradzulu linaona zofanana ndi zimenezi. Itatha nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915, imene inafikanso pa mishoni ya Nguludi ndi moto, boma linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe nilitseka Providence Industrial Mission. Panapita zaka khumi ndi chimodzi kufikira 1926, pamene Dokotala Daniel Malekebu, mwana wa komweko amene anaphunzira udokotala ku Amerika, analoledwa kutsegulanso mishoniyo. Iye anadza ndi maphunziro ndi chilolezo, koma anapezanso anthu amene anali asanaiwale. Popanda iwo akadatsegula nyumba yopanda kanthu, ndipo popanda iye iwo akadakalamba ndi chikumbutso chokha.

Eklezia Katolika, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, analengeza mu 1965 m'kalata ya Nostra Aetate kuti Akristu ndi Ayuda ali ndi chuma chauzimu cha pamodzi, ndipo ayenera kudziwana ndi kulemekezana. Tsono palibe manyazi kuphunzira kwa iwo. Kusiyana kulipo ndithu, pakuti Misa sichitika popanda wansembe monga mapemphero a sunagoge achitika popanda rabi. Koma mphunzitsi wa panthambi amene atsogolera mapemphero Lamulungu lililonse, naphunzitsa katekisimu, nayendera odwala, aima pamalo a okalamba aja a ku Lusaka. Ndipo bambo mfumu watsopano wofika pa parishi aima pamalo a rabi wachinyamata uja.

Nanga mpingo ngwa yani? Suli wa wobwera, pakuti anaupeza. Suli wa wosunga, pakuti nayenso anaulandira kwa ena amene agona kumanda. Onse awiri anyamula katundu wa mwini wina, ndipo adzamtula pa mutu wa ana amene lero akhala pamphasa kutsogolo. Chiyeso cha mtsogoleri watsopano chili pa chikondwerero chachiwiri, kuona ngati okalamba abweranso; ndipo chiyeso cha mlonda wakale chili pa tsiku lopereka mfungulo, kuona ngati mawa lake adzafika m'mamawa monga kale, kudzakhala munthu wakhumi.