Kodi tawataya bambo athu?



Ku madrasa tinaphunzira tili ana kuti pambuyo pa kupembedza Allah pamabwera kuchitira zabwino makolo. Ndime 23 ndi 24 za Surah Al-Isra ambirife tinaziloweza. Koma pali funso limene silinabwere pa mayeso: kholo likayamba kuiwala ngakhale dzina lako, manja a pakhomo n'kutopa, kulipereka kwa munthu wina kuti azilisamalira n'kulilemekeza kapena n'kulitaya?

Banja lathu lakumana nalo funsoli. Bambo anga anabwera ku Nthalire, m'boma la Chitipa, ali mnyamata kudzachita geni, ndipo anakhazikika komweko. Zaka zitatu zapitazo anayamba kusokoneza chenje pa okala. Kenako ankaswali Asr kawiri. Chitumbuka chimene anayankhula moyo wawo wonse wa geni chinayamba kuwathawa, n'kutsala Chiyao cha ubwana wawo. Chimene chinatiopsa kwambiri n'chakuti ankadzuka pakati pa usiku kukatsegula okala imene tinatseka kalekale.

A chipatala anati ndi matenda oiwalaiwala, aja amati dementia. Ndi matenda a ubongo, ndipo mtundu wake wofala kwambiri unafotokozedwa ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali nawo. Mankhwala ochiziratu kulibe. Qur'an nayonso, mu Surah An-Nahl ndime 70, imatchula za msinkhu umene munthu amaiwala zimene ankadziwa.

Koma kumudzi nkhalamba yoyenda usiku n'kumayankhula yokha, mukudziwa dzina limene imapatsidwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Ndiye manong'onong'o atayamba, tulo tinasowa. Mayi nawonso ali ndi BP, ndipo kulondera munthu usiku uliwonse kunawafooketsa. Nyengo ya mvula, kuchoka ku Nthalire kukafika kwa dokotala wa matenda a ubongo si ulendo wamasewera.

Tinagwirizana kuti bambo asamukire ku Mzuzu kwa achimwene, kufupi ndi chipatala cha St John of God, ndipo tilembe mnyamata woti aziwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwayang'anira. Amalume atamva anati, "Mwawataya bambo anu. Iwo anakulembani wantchito pamene munali makanda?"

Mawu amenewa sindikuwapeputsa ayi, muli choona. Munthu woiwalaiwala amadalira malo amene anawazolowera: khonde lake, mtengo wake wa mango, njira ya ku msika. Ukamusamutsa wamulanda zochepa zimene zinamutsalira. Mpaka pano bambo amafunsa madzulo alionse kuti tipita liti kwathu, ndipo zimapweteka. N'zoonanso kuti ndalama imatha kukhala pobisalira. Alipo ana amene amangotumiza pa Mpamba, chaka n'kutha osaonekera, mtima uli m'malo kuti udindo akwanitsa.

Komabe ine ndikuona kuti amalume anayeza ndi muyezo wolakwika. Iwo akuyang'ana kuti manja osambitsawo ndi a ndani. Ine ndikuyang'ana ngati bambo ali aukhondo, akhuta, sakusochera usiku, ndipo palibe akuwaloza chala. Bambo anali munthu wamanyazi, wosunga umaliseche wake monga Chisilamu chimatiphunzitsira. Akanakhala ndi nzeru zawo zakale sakanalola kusambitsidwa ndi mwana wawo wamkazi, komanso sakanalola kuti mayi agwe chifukwa cha iwo. Mayi nawo ndi kholo. Kuwasiya afooke kuti anthu atiyamikire, chimenecho chikanakhala kudzionetsera.

Pali zimene mnyamata uja sangatichitire ngakhale titamulipira bwanji. Sangadziwe kuti bambo akakwiya amafatsa ukawayambira Al-Fatiha, iwo n'kumaliza okha osaphonya. Sangadziwe mayina a anzawo a geni amene anamwalira kale. Zimenezo ndi zathu. Ma sheikh amatiphunzitsa kuti munthu amene nzeru zamuchokera sawerengeredwa mlandu pa swala imene yamudutsa. Cholembera chinanyamulidwa kwa bambo, koma kwa ife chikulembabe. Iwo aloledwa kundiiwala, ine sindinaloledwe. Pa holide ndikafika amanditcha dzina la mng'ono wawo, ndipo ndimavomera, chifukwa akanali kudziwa kuti amene wakhala pambali pawo ndi wawo.

Ndiye yankho langa ndi ili: kugawana ntchito yosamalira kholo si kulitaya. Kutaya kumayamba tsiku limene wasiya kubwera chifukwa choti sakukuzindikira. Mutu umodzi susenza denga, koma mwini nyumba sachoka pamalopo denga likukwezedwa.

Ngati kwanu kuli agogo amene ayamba kusochera kapena kubwereza funso limodzi kakhumi, apititseni kuchipatala anthu asanawapatse dzina lina. Ndipo amene akuwasamalira tsiku ndi tsiku, kawalandireni ngakhale Loweruka limodzi kuti agoneko.

Allah awachitire chifundo makolo athu, ndipo atipatse sabr. Ameen.