CHINGWE CHA ERIC: KODI NTCHITO YA MUNTHU TIIWERUZE NDI ZOTSATIRA ZAKE?

Ambiri mwa inu mwaonapo anyamata ndi atsikana atakhala chete pamaso pa kompyuta, manja ali pa kachipangizo, mtima uli m'mwamba ngati pali maliro. Ena mumati ndi chibwana chabe. Koma m'masewera ena otere muli funso limene lidasautsa anthu anzeru kuyambira kalekale, ndipo n'loyenera kuti ife tomwe tilisinkhesinkhe.

Sewero limene tinena pano dzina lake ndi House of Ashes. Adalikonza a kampani ya Supermassive Games ya ku Guildford m'dziko la England, ndipo lidatuluka m'chaka cha 2021. Nkhani yake ichitika pa nkhondo ya ku Iraq m'chaka cha 2003. Asilikali a ku America, pofunafuna zida zobisika m'mapiri a Zagros, akomana ndi asilikali a ku Iraq. Nkhondo ili m'kati nthaka ing'ambika, onse agwera m'kachisi wakale wa mfumu Naram-Sin wa ku Akkad. Pansi pamenepo apeza zilombo zoopsa zoopa kuwala kwa dzuwa, zimene zidachokera kunja kwa dziko lino. Wosewera ayendetsa anthu asanu: Rachel King, mwamuna wake Eric King, Jason Kolchek, Nick Kay, ndi Salim Othman, msilikali wa ku Iraq. Onse asanu angathe kutuluka amoyo, onse asanu angathe kufa, malinga ndi zimene wosewerayo asankha.

Tsono osewera akamaliza amafunsana kuti: "Kodi iwe udapulumutsa angati?" Amene adatulutsa asanu ayesedwa katswiri, amene adataya atatu achita manyazi. Chiwerengero cha opulumuka ndicho chisanduka muyeso wa kusankha bwino. Kodi muyeso umenewu ndi woona?

PA MPHEPETE MWA PHOMPHO

Tiyeni tione malo amodzi m'seweroli. Eric ndi Rachel, amene ukwati wao udali utazilala, amangirirana chingwe chimodzi. Rachel aterereka nalendewera pa phompho lakuya, ndipo kulemera kwake kuyamba kumkokera Eric komweko. Eric ali ndi mpeni, ndipo wosewera apatsidwa kanthawi kochepa kuti asankhe: adule chingwe kapena asadule.

Amene adasewerapo kale adziwa chinsinsi chake. Rachel akagwa safa, apulumuka pansipo. Koma Eric akakana kudula angathe kukokedwa, nagwa, nafa iyeyo. Choncho wofuna kupulumutsa onse alangizidwa ndi anzake kuti: dula chingwe. Poyang'ana chiwerengero, kudula ndiko kwabwino.

Koma taganizani za Eric mwini, amene saona pansi pa phompho. Iye sadziwa kuti mkazi wake adzapulumuka. Tiyerekeze a Eric atatu. Woyamba adula chifukwa mumtima mwake muli chizondi, ndipo aona mpata wakuchotsa mkazi amene adamsiya. Wachiwiri adula ali kulira, ataona kuti mphamvu zamthera ndi kuti akachedwa afa onse awiri. Wachitatu akana kudula chifukwa sangathe kupirira kutaya mkazi wake, ndipo afa. Kwa woyamba ndi wachiwiri zotsatira zili chimodzimodzi: onse awiri amoyo. Kodi pali munthu angati awiriwa achita ntchito imodzi? Woyambayo ndi wakupha mumtima, ngakhale imfa idamlaka. Ndipo wachitatu, amene chiwerengero chimtsutsa, kodi ndani angamutche woipa?

Apa tiona kuti chiwerengero cha opulumuka chikanika kusiyanitsa munthu wachiwembu ndi munthu wachisoni. Muyeso wosatha kusiyanitsa zimenezi sungakhale muyeso wa chikumbumtima.

ZINTHU ZITATU

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti poweruza ntchito ya munthu tiyang'ane zinthu zitatu: chimene munthuyo achita, chimene alinga pochita, ndi zozungulira ntchitoyo. Zonse zitatu ziyenera kukhala zolungama. Chimodzi chikaipa, ntchito yonse yaipa. Makolo athu nawonso adanena kuti khotekhote n'ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Eric woyamba adagwa pa cholinga. Eric wachiwiri sadafune imfa ya mkazi wake: adamasula katundu amene akadawapha onse, atalephera njira ina iliyonse.

Zimenezi si za m'masewera mokha. M'chaka cha 1985 anyamata awiri a ku Britain, Joe Simpson ndi Simon Yates, adakwera phiri la Siula Grande ku Peru. Potsika Simpson adathyoka mwendo, ndipo Yates adayamba kumtsitsa ndi chingwe pang'onopang'ono m'kati mwa mphepo yachisanu. Mosadziwa adamtsitsira pa thanthwe lolendewera, Simpson natsala m'malere. Yates adagwira chingwe koposa ora lathunthu, kufikira chisanu chimene adakhalapo chidayamba kugumuka. Pamenepo adadula. Simpson adagwera m'mng'alu wa madzi ouma, koma sadafe. Adakwawa masiku atatu mpaka kufika ku msasa. Anthu ena adamnyoza Yates kwambiri, koma Simpson mwini adamteteza, ndipo adalemba nkhani yonse m'buku lotchedwa Touching the Void m'chaka cha 1988.

Funsani tsono: Simpson akadafa, kodi ntchito ya Yates ikadasanduka yoipa? Dzanja lidali lomwelo, mpeni womwewo, mtima womwewo. Kupulumuka kwa Simpson kudachepetsa misozi, koma sikudawonjeze kanthu pa kulungama kwa Yates.

MAU OTSUTSA

Wina adzati: "Mwanena bwino, koma zotsatira sizingakhale zachabe. Chikondi chimene chipha anthu awiri pomwe mmodzi akadatsala, n'chikondi chopanda nzeru. Ndipo tikamati cholinga chokha ndicho chofunika, aliyense wowononga adzabisala kumbuyo kwa mau akuti sindidafune."

Mau amenewa ndi olemera, ndipo sitiwakana onse. Zotsatira zimene munthu angathe kuziona patsogolo zili pa mutu pake. Woyendetsa galimoto ataledzera sanganene kuti sadafune kugunda mwana, pakuti adadziwa chimene mowa uchita. Munthu ayenera kufunsa, kuyesa ndi kulingalira asanachite kanthu. Paja safunsa adadya phula. Koma pali zotsatira zina zimene palibe diso likadaziona, monga madzi kapena mwala umene uli pansi pa phompho. Zimenezo ndi mwai kapena tsoka. Anzeru awiri, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, adalemba za vuto lomweli m'chaka cha 1976, naonetsa kuti anthufe timalanga kwambiri wosasamala amene tsoka lidamgwera, ndi kumleka wosasamala mnzake amene mwai udambisa. Oledzera awiri ayendetsa magalimoto usiku umodzi. Mmodzi apeza mwana pa mseu, wina apeza mseu woyera. Mlandu wa ku bwalo usiyana, ndipo n'koyenera kuti usiyane chifukwa pali mwazi. Koma m'chikumbumtima, amene adafika bwino kwao asadziyese wosalakwa.

KUBWERERA MDANI

Pafupi ndi mapeto a seweroli Salim atsala yekha m'kati mwa zilombo, ndipo Jason, amene adayamba nkhaniyi akudana ndi anthu a ku Iraq, asankha kumbwerera kapena kumsiya. Salim ali ndi mwana wake Zain amene amdikira kunyumba. Wosewera wowerenga mitu abwerera chifukwa afuna asanu athunthu. Koma Jason wa m'nkhaniyo sadziwa ngati adzatulukamo. Ubwino wake uli pa kuona munthu mwa amene dzulo adali mdani, ndipo ubwino umenewo udakwanira pa nthawi imene adatembenuka, asanadziwe mathero.

Pali chinthu chimodzi chimene sewero lipatsa wosewera, chimene moyo sutipatsa: kuyambanso. Eric akafa, mnyamata ayamba sewero kachiwiri nadula chingwe, ali ndi nzeru zimene adagula ndi imfa yoyamba ija. Ife tisankha kamodzi, m'mdima, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi ndi akulu a mipingo, mukaona mai amene adasankha kudikira kucha asanapite ndi mwana ku chipatala, mwana namwalira usiku, musafulumire ndi mau akuti "mukadatero." Nzeru zimene muli nazo m'mawa, iye adalibe madzulo. Mfunseni mofatsa chimene adadziwa ndi chimene adalinga, ndipo mumthandize kusenza chisoni chake. Koma inu eni, pamene zinthu zakuyenderani bwino, dzifunseni mosanyengerera ngati mudasankha molungama kapena mwai ndiwo udakubisani.